Agulugufe Ouluka Pansi

Akuti panali munthu wina, mayi wa m'mudzi wa pakati pa mapiri awiri, amene anatulutsira mwamuna wake katundu panja chifukwa cha agulugufe. Ena amati si agulugufe ayi, anali mayi wamasiye wa kudimba. Enanso amati si wamasiye, unali mtedza. Ine mtima wina umavomera, wina umakana, chifukwa amene anandiuza nkhaniyi amathira mchere ndi dzanja lolemera. Koma tamverani, amayi anzanga, muweruze nokha.

Mayiyo dzina lake anali Nasimango. Anali wolimbika pa khasu, wopatsa, wansangala. Chilema chake chinali chimodzi chokha: mawu sankagona m'mimba mwake. Ukamuuza kanthu pa mjigo, iwe n'kunyamula ndowa kupita kwanu, unkaipeza nkhani ija yafika kale, yakhala pakhonde ikukudikirira.

Mwamuna wake anali a Lefani, mkamwini. Anabwera pamudzipo zaka makumi awiri ndi zisanu m'mbuyomo, atanyamula khasu, nkhwangwa ndi luso limodzi limene anasiyiridwa ndi malume awo. Lusolo linali lowerenga agulugufe.

Musaseke. Mudzi umenewo unkadalira mtedza. Chimanga chinali chongodya, koma mtedza wa chalimbana ndiwo unkaveka ana ndi kukhoma malata. Tsono mtedza uli ndi mwano wake. Ukauchedwetsa m'nthaka umayamba kumera, mbewa ndi chiswe n'kumachita nawo phwando. Ukafulumira kuukumba mvula isanatsanzike, n'kuvumbwa uli pamizere, umachita chuku, umada mkati, umawawa moti ngakhale nkhumba imangonunkhiza n'kutembenuka. Ndiye masika alionse funso linali limodzi: kodi mvula yapita ndithu, kapena yangopita kukatunga madzi ena?

Yankho linkadutsa pa mpata wa mapiri awiri aja. Mvula ikamatha, pamenepo pankadzera agulugufe ofiirira ngati dothi la katondo, m'mbali mwa mapiko mwakuda, muli timadontho toyera. Ankachokera kumwera kulowera kumpoto. Kumene ankapita palibe ankadziwa, ndipo palibe anawaonapo akubwerera. A Lefani ankakwera pa mpatapo n'kukhala pamwala waukulu tsiku ndi tsiku, maso kumwamba. Akakhutira ankatsika, n'kudzera pa mjigo, n'kunena mawu awiri okha: “Kumbani mtedza.” Mudzi wonse unkatenga makasu. Zaka zonsezo sanaphonyepo.

Mmene ankawerengera palibe anafunsapo. Mwini wake Nasimango ankaganiza kuti akudziwa. Ankati, si zapafupi? Akachuluka ndiye kuti kumbani.

Chaka chimene ndikunenachi nyengo inasokonekera mutu. M'mawa kunkawomba mwera, masana mpoto, madzulo kuli zii. Lolemba kunadutsa agulugufe owerengeka. Lachiwiri kunachita mitambo ndi kachisanu, osaoneka ndi mmodzi yemwe akuuluka. Onse anali atalendewera pa mitengo ya mthethe, mapiko atatseka, ngati masamba ouma. Lachitatu dzuwa linatuluka, iwo n'kuuluka chobwerera kumwera kumene anachokera. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Anthu ankazula phata limodzi la mtedza, kuswa khoko, kuyang'ana, kuyang'ananso kumwamba. Akakumana ndi a Lefani pa njira, yankho linali lomwelo: “Dikirani.”

Ali pa kudikirako, Nasimango anachezeredwa ndi mnzake wa pa mjigo, Nagama. Anabwera ngati wodzabwereka sefa, koma sefayo sanaiyang'ane n'komwe.

“Asisi, ine sindinanene kanthu,” anatero Nagama.

“Nanga mwanena chiyani?”

“Ndikuti sindinanene. Ndimangofuna kufunsa. Kodi agulugufe a chaka chino akumavala chitenje?”

Nasimango anasiya kupeta. Nagama anakhala pansi bwinobwino, n'kufotokoza kuti anapita kunkhuni kawiri konse, n'kudzera pa mpata. Pamwala paja panali buluzi yekha akuwotha dzuwa. Koma atayang'ana kumunsi, kudimba la Nampinga, anaona chipewa chimene amachidziwa.

“Mwina alamu athu ayamba kukonda mpiru,” anatero. “Ine sindikudziwa. Musanditchule.”

Nampinga anali mayi wamasiye. Ankakhala yekha kumunsi kwa mpata, pafupi ndi kamtsinje, ndipo ankatunga pa chitsime chakechake. Sanali wokongola kwenikweni ayi, ndipo sankayankhula. Moni wake unali wa mawu awiri, wako ukatalika ankangokuyang'ana mpaka umalize. Nasimango anayesa kuganiza chimene mwamuna angakafune kwa munthu wotero, koma sanachipeze. Chimenecho ndiye chinamuopsa kwambiri.

M'mawa mwake, a Lefani akumanga nsapato zawo za matayala, iye anafunsa.

“Bambo a Mwatitha, dzulo munali kuti?”

“Ku agulugufe.”

“Pamwala?”

A Lefani anamaliza kumanga nsapato inayo.

“Ku agulugufe,” anatero, n'kutenga ndodo yawo.

Nasimango anawalola atsogole, kenaka anawalondola chapatali, atasenza kadengu kuti wokumana naye aziti akupita kundiwo. A Lefani anayenda pang'onopang'ono mpaka pa mphambano. Njira yokwera kumwala anaisiya, natsetsereka ya kumtsinje. Pa mtsinjepo panali mtengo wogonekedwa wowolokera. Nampinga anali ataima tsidya linalo. Anawoloka, n'kuwagwira a Lefani pa mkono, n'kuwoloka nawo. Nasimango anabisala kuseri kwa nthochi.

Anadikira kuti aone zotsatira, zimene inu mukuziganizazo. Koma awiriwo sanalowe m'nyumba, sanalowe m'bango. Anakaima pakati pa dimba, pa mtetete, pamene aliyense akanawaona. Onse anakweza nkhope kumwamba. Nampinga, munthu wosayankhula uja, anali kuyankhula, pafupi ndi khutu lawo. Anakweza dzanja m'mwamba, n'kulitsitsa mpaka pa mawondo. A Lefani anapukusa mutu. Anafunsa kanthu, iye anayankha, iwo n'kupukusanso mutu. Anaima choncho mpaka dzuwa linafika paliwombo.

Nasimango anabwerera ndi kadengu kopanda kanthu. Sankadziwa kuti alire kapena aseke. Chibwenzi chamtundu wanji choyang'ana kumwamba? Koma ngati si chibwenzi, dzanja lija linkafuna chiyani pa mkono wa mwamuna wake? Zaka makumi awiri ndi zisanu, iye sanaitanidwepo ndi tsiku limodzi lomwe kuti akaone nawo agulugufe.

Loweruka kunacha kotentha, kopanda kamphepo ndi pang'ono pomwe, thukuta likutuluka munthu utangokhala. A Lefani anali atapita kale. Dzuwa litakwera pang'ono, agulugufe anafika, ndipo sanadzere pa mpata pokha. Analowa m'mudzi mwenimweni. Ankauluka pansipansi, m'mabwalo, pakati pa nkhokwe, kugunda zovala zoyanika, kulowa m'makhitchini. Nkhuku zinkalumpha n'kumawakhwatula. Pa matope a pa mjigo anatera ambirimbiri moti pansi panaoneka ngati payalidwa nsalu. Palibe anali ataonapo otere.

Amayi anali pa mzere wa ndowa, aliyense akuyankhula.

“Abale, si amenewa tinkadikira?”

“Mtedza wanga wayamba kumera kumunsi kuja.”

“Nanga a Lefani akuti bwanji?”

Nagama anayang'ana kumbali n'kunena chapansipansi, koma momveka kwa onse: “A Lefani atanganidwa. Akuthirira mpiru.”

Kuseka kunayamba ndi mmodzi, kenaka kunagwira mzere wonse. Wina anachita kukhala pa ndowa. Nasimango anaona kuti nkhani ija yayenda kale mudzi wonse, ndipo aka kanali koyamba kuti nkhani iyende popanda iye kuinyamula. Anafuna kuti amayiwo adziwe kuti mwamuna wake akadali wake, kuti mawu ake amayambira m'nyumba mwake. Anayang'ana agulugufe ali ponseponse. Mumtima anati, apa ngakhale mwana angawerenge.

“Mukuseka chiyani?” anatero mokweza. “Anena kale m'mawa uno asanatuluke. Andiuza ine. Akuti kumbani mtedza.”

Kuseka kunatha. Ndowa zina zinatsala pomwepo zosadzaza. Pasanathe ola, makasu anali kulira m'minda yonse. Nasimango nayenso anatenga lake, ndipo anakumba ndi mtima wonse, chifukwa pofika kumunda anali atayamba kukhulupirira mawu akewo. Pofika madzulo mizere inali mbee, mtedza utagonekedwa chagada kuti makoko aone dzuwa.

A Lefani pobwera anaima pa njira n'kumvetsera. Anafika pakhomo mofulumira kuposa masiku onse.

“Iwe Nasimango, ndikumva fungo la dothi. Anthu akukumba?”

“Akukumba. Si agulugufe adutsa?”

“Wanena ndani?”

Nasimango anayang'ana m'mphika. “Akuti inuyo.”

A Lefani anatembenuka n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Ankati, lekani, mvula ikadalipo. Amene mwakumba kale unjikani, mufundire ndi udzu. Koma sanatsutse kwa munthu aliyense kuti sananene iwo. Ndiye anthu anangosokonezeka. M'mawa kumbani, madzulo lekani, timve ziti? Ena anati wamasiye uja wawatakasa mutu. Ena anati akalamba. Ena anayang'ana kumwamba, n'kuona nyenyezi yoyamba itatuluka bwinobwino, n'kunena kuti mawa tikapitiriza tikaweruka kutchalitchi. Ndipo mtedza wokumba sungaubwezere pansi.

Lamulungu masana mphepo inatembenuka n'kuyamba kuchokera kumpoto. Mitambo inakwera pa mapiri onse awiri. Anthu akutuluka m'tchalitchi, madontho oyamba anagwa. Sinali mvula yamkuntho yoti igwe n'kupita. Unali mvumbi, wa masiku asanu, usana ndi usiku. Agulugufe aja ena anafera m'matope, mapiko atamatirira pansi. Otsalawo anabisala kunsi kwa masamba, osagwedezeka. Anthu anathamangitsira mtedza m'makonde, m'makhitchini, ena mpaka kuchipinda, koma unali utanyowa kale, ndipo popanda dzuwa unangotenthana pa mulu. Tsiku lachinayi mudzi wonse unkanunkha chuku. Ukaswa khoko, mkati muli bii.

Mvula itakata, amuna a pamudzi anabwera pabwalo pa a Lefani. Sanalandire mipando. Nasimango anali m'nyumba, kuseri kwa chitseko. Anadziwa kuti mwamuna wake akangoti “sindinanene ine,” onse atembenukira kuchitseko.

“Alamu,” anatero mmodzi, mlongo wake wa Nasimango, “zaka zonsezi takhala tikukumverani ngati belu. Ana athu avala chiyani chaka chino? Tibzala chiyani?”

“Pamwala simukhalapo,” anatero wina. “Mumawerengera kuti agulugufe anuwo? M'chitenje?”

A Lefani anavula chipewa.

“Ndalakwa ine,” anatero. “Mundikhululukire.”

Basi. Sanawonjezerepo.

Mukuganiza kuti Nasimango anagwada n'kuthokoza? Ayi ndithu. Mutu wake unazungulira kwina. Mumtima anati, munthu wosalakwa amakana. Awa avomera mlandu umene si wawo, ndiye kuti pali mlandu wina waukulu umene akuuphimba. Akundigula. Akufuna kuti ine nditseke pakamwa pa za kudimba, iwo atseke pa za pa mjigo. Akaganiza choncho ankapsa mtima. Kenaka ankawayang'ana atakhala pakhonde, chipewa pa bondo, anthu akudutsa osawapatsa moni, n'kumva chisoni. Kenaka ankakumbukira dzanja lija, chisoni n'kuthawa.

Paja mvula ikakuona litsiro sikata. Kunamveka kuti m'mudzi monse munda umodzi wokha ndi umene sunakumbidwe ndi phata limodzi lomwe. Unali wa Nampinga.

Nasimango anamanga chitenje m'chiuno n'kutsetsereka. Anamupeza wamasiyeyo akuzula udzu m'mpiru.

“Zikomo kuno. Mtedza wanu uli bwanji, mayi?”

“Uli bwino.”

“Eya, tamva. Wathu wawola. Inu anakuuzani ndani kuti musakumbe?”

“Agulugufe.”

“Oho! Mumayankhula nawo? Nanga amuna anga mumayankhula nawo zotani?”

Nampinga anakutumula dothi ku udzu umene anazula. “Kawafunseni.”

“Ndafunsa inu.”

“Ndinalonjeza.”

“Munalonjeza chiyani? Ukwati?”

Nampinga anamuyang'ana, kuyang'ana kwake kuja kodikira kuti umalize. Nasimango ananena zambiri. Zina sindingazinene pano. Anatchula mpiru, anatchula malemu mwamuna wake, anatchula ngakhale miyendo yake. Wamasiyeyo anangowerama n'kupitiriza kuzula udzu. Kukangana ndi munthu wosayankha kuli ngati kusinja madzi. Nasimango anabwerera atasasa mawu, osadziwa chilichonse choposa chimene anapita nacho, kupatula liwu limodzi lija: ndinalonjeza.

Atafika kunyumba anayala chitenje chakale pansi. Anaikapo malaya awiri, buluku la kutchalitchi, lumo, ndi bulangete. Anamanga mfundo. Anatulutsa mtolowo n'kuuika panja pa khomo, khasu ndi nkhwangwa pambali pake. Kwathu kuno mkamwini safuna kumasuliridwa zimenezo.

A Lefani pobwera anapunthwa pa mtolowo. Anawerama, anaupapasa, anagwira mpini wa khasu.

“Chabwino,” anatero. “Njira ikadali yoterera. Ndinyamuka mawa dzuwa likakwera.”

Sanafunse chifukwa. Sanaitanitse ankhoswe. Nasimango anayembekezera kuti akana, kapena akalipa, kapena atchula za pa mjigo. Chilichonse chikanamuthandiza kudziwa pamene waima. Koma iwo anangokhala pakhonde.

Kunacha kozizira, kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Mwera unkawomba mosalekeza, wouma, wosweka nawo milomo. A Lefani anamwa madzi otentha, anadikira kuti dzuwa lifunde, kenaka anakoleka mtolo ku mpini wa khasu. Nasimango anali kusesa pabwalo, pamalo amodzimodzi kachitatu.

Atafika pakati pa bwalo anaima. Anatembenuza tsaya kuloza kumwera. Ananyowetsa chala n'kuchikweza. Anakweza nkhope kumwamba, n'kukhala choncho, maso ali psinyepsinye. Anatsitsa mutu, anayamba kuyenda, anaimanso.

“Iwe Nasimango,” anatero osatembenuka. “Kumwambaku kukudutsa kanthu?”

Nasimango anafuna kuyankha mwachipongwe, koma anayamba wayang'ana. Kumwamba kunali kodzaza. Agulugufe anali kutali, pamwamba pa mitengo, pamwamba pa utsi wa m'makhitchini, ang'onoang'ono ngati mapira omwazika. Onse ankalowera kumodzi, osatsika, osatembenuka, mzere wochokera pa mpata mpaka kumene maso amalekezera. Anayang'ana kumwambako, anayang'ana mwamuna wake. Nkhope yawo inali italoza pomwepo penipeni.

Tsache linagwa.

“Bambo a Mwatitha. Simukuwaona?”

“Ali pamwamba kapena pansi?”

“Pamwamba. Kutali zedi.”

“Akulowera kuti?”

“Kumpoto. Onse.”

A Lefani anagwedeza mutu. “Ndi amenewo. Akatero mawa ndi mkuja, mvula yapita. Aja a Loweruka ankathawa. Akamauluka pansi ndiye kuti kumwamba kwalemera, akufuna pobisala. Kuchuluka si kanthu. Umayang'ana pamene ali.”

“Ndakufunsani kuti simukuwaona?”

A Lefani anatula mtolo pansi.

“Chino n'chaka chachitatu,” anatero. “Pansi ndimaona, njira ndimaidziwa ndi mapazi. Koma ndikayang'ana kumwamba ndimangoona ngati utsi. Pamwala ndinkangokhalapo ngati chitsa. Ndiye ndinapempha Nampinga. Dimba lake lili kunsi kwa mpata, onse amadutsa pamutu pake. Iye amayang'ana, ine ndimamasulira.”

“Ine ndilibe maso?”

“Uli nawo, abwino kuposa ake.”

“Nanga bwanji simunandiuze ine, mkazi wanu?”

A Lefani anamwetulira pang'ono, koma osati moseka.

“Ndikanakuuza m'mawa, pofika masana akanakhala akuimba nyimbo yake kuchigayo. Ndani akanamveranso wowerenga agulugufe wosaona? Pamudzi pano ine ndilibe munda, ndilibe manda. Ndinali ndi mawu awiri aja basi.”

Nasimango anafuna kukana, koma zinali zoona. Anadziwa kuti akanauza Nagama yekha, momulumbiritsa. Anakhala pansi, pa dothi, pamene anali kusesa paja.

“Pa mjigo paja,” anayamba.

“Ndikudziwa.”

“Mukudziwa chiyani?”

“Mawu anga ndimawadziwa. Amenewo sanatuluke m'kamwa mwanga. Ndipo pamudzi pano pali munthu mmodzi yekha amene angati ‘andiuza ine,’ anthu n'kukhulupirira.”

“Ndiye munavomereranji? Bwanji simunawauze?”

“Mkamwini akalakwa amapita kwawo,” anatero a Lefani. “Iwe ukanapita kuti?”

Anawerama kuti anyamulenso mtolo.

Apa ndi pamene panali nkhani, amayi anzanga. Nasimango akanangokhala chete, bamboyo akanapita ndi mlandu wonse pa phewa, iye n'kutsala woyera, womveredwa chisoni, mayi amene mwamuna wake anasokonezedwa ndi wamasiye. Palibe akanadziwa. Wodziwa mmodzi anali kuchoka, winayo sayankhula.

Anadzuka n'kuponda mtolowo ndi phazi.

“Khalani pansi,” anatero. “Musasunthe mpaka ndibwere.”

Anatenga ndowa, poti mayi sapita pa mjigo chimanjamanja. Anapeza mzere wautali, chifukwa dzuwa litatuluka aliyense ankafuna kuchapa. Amayi atamuona anatsitsa mawu, ena n'kukonza nkhope zachisoni. Nagama anathamangira kudzamulandira ndowa.

“Pepani asisi, tamva. Apita?”

Nasimango sanapereke ndowayo. Anaigadabuza, n'kuimenya ndi dzanja katatu mpaka wopopa mjigo anasiya.

“Amayi, ndimvereni. Loweruka lija ndinaima pano ndinati amuna anga anena kuti kumbani. Sananene. Anatuluka m'nyumba osanena kanthu. Ndinanena ndine, chifukwa munkandiseka. Amene ndawoletsa mtedza wanu ndine.”

Kunabuka phokoso loti mbalame zinathawa m'mitengo. Wina anamuloza chala m'maso. Wina analira, kutchula ana ake. Mlamu wake, mkazi wa mlongo wake uja, anataya madzi amene anatunga n'kuchoka osatembenuka. Nasimango anaima pomwepo, ndowa m'manja.

Phokoso litatsika, Nagama anasendera pafupi, maso akuwala.

“Chabwino asisi, zimenezo tamva. Nanga za kudimba zija? Mwapeza zotani?”

Onse anatchera khutu, ngakhale olira aja. Nasimango anali nayo nkhani, yatsopano, yotentha, yoti palibe wina anali nayo, ndipo ikanamuchotsera theka la maso amene ankamulasa. Inafika mpaka pa lilime.

“Nampinga ndinamunyoza pachabe,” anatero. “Ndikupita kukamupepesa. Zinazo sindinena.”

“Simunena? Inuyo?”

“Sindinena.”

Akuti chimenecho chinawadabwitsa amayiwo kuposa za mtedza.

Mtolo uja unalowanso m'nyumba tsiku lomwelo. Koma musaganize kuti zinathera m'chimwemwe. Chaka chimenecho ana ambiri anayenda ndi zigamba, ndipo mbewu anakapempha kwa Nampinga, amene anakumba wake patapita masiku atatu, wouma bwino. Nasimango anakhala miyezi osabwerekedwa ngakhale chipande. Pa maliro ankamupatsa ntchito yotunga madzi yekha. Za maso a mwamuna wake anasunga ndithu. Zinadzamveka patapita zaka zinayi, a Lefani ataulula okha kwa mlongo wake wa Nasimango, yemwe uja anawakalipira pabwalo, pomupempha kuti awaperekeze kuchipatala cha maso.

Tsono inu amayi, mukaona zinthu zachuluka pamaso panu, zikuuluka ponseponse, aliyense akuziloza, musathamangire khasu. Yambani mwafunsa kuti zili pamwamba kapena pansi, zikupita kapena zikuthawa. Ndipo ngati wa m'nyumba mwanu wakasungitsa chinsinsi chake kwa munthu wapadera, musanamange mtolo wake, dzifunseni kuti chikanakhala kwa inu chikanagona masiku angati.